Mpunga wodziteteza ndi ombwe wa mlimi

M'chigwa cha Bwanje alimi amawokera mpunga m'madambo, pomwe kumtunda, ku Tsangano ndi ku Lizulu, madimba amadzaza kabichi, tomato ndi mbatatesi. Konseku kuli tizilombo toboola mbewu ndi kakamwa konga singano n'kumayamwa madzi ake. Pothana nato pali njira ziwiri zosalira sitolo: mankhwala amene mpunga umapanga wokha, ndi amene mlimi amafinya ku chitsamba cha ombwe.

Mpunga ukabayidwa sungokhala chete. Pamene paboolekapo umatulutsa zomata zotchedwa callose, zimene zimatseka timitsempha toyendamo chakudya, kachilomboko n'kumayamwa pouma. Umakokanso silika m'nthaka, amene amalimbitsa phesi ndi masamba. Kuwonjezera apo umatulutsa fungo loitana timavu ting'onoting'ono timene timaikira m'mazira a tizilomboto n'kuwawononga. Zonsezi zimachitika usana ndi usiku, mlimi osatulutsa tambala.

Koma mphamvuyi imasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu, ndipo tizilombo timatha kuizolowera. Ku Asia, komwe kachilombo kotchedwa brown planthopper kamaumitsa minda yathunthu, bungwe la IRRI la ku Philippines linatulutsa mpunga wopirira wa IR26 mu 1973. Pasanathe zaka zambiri kachilomboko kanayamba kuudya, ndipo IR36 wa mu 1976 ndiye anadzalowa m'malo. Kupopera mwachisawawa kunakulitsa vutolo popha akangaude odya tizilomboti ndi timavu tija, mpaka dziko la Indonesia linaletsa mitundu 57 ya mankhwala pa mpunga mu 1986.

Ombwe umagwira ntchito kuchokera kunja. Mlimi amathyola masamba, kuwasinja mu mtondo, kuwaviika m'madzi usiku wonse, kusefa pansalu, kuthiramo kasopo pang'ono kuti madziwo amatirire pa tsamba, kenako kupopera chakumadzulo. Ubwino wake ndi wakuti susankha mbewu: nsabwe za pa mpiru, pa kabichi ndi pa nyemba zonse umazigwetsa. Komanso chitsambacho chimabwezera chonde m'nthaka.

Nawonso uli ndi malire ake. Dzuwa limaupha mphamvu msanga, motero pamafunika kubwereza. Akatswiri ofufuza anapezanso kuti kuno ku Malawi ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana m'maonekedwe, wina uli ndi poizoni wopha tizilombo, wina alibe. Choopsa kwambiri n'chakuti ombwe umapha nsomba, n'chifukwa chake makolo ankaugwiritsa ntchito m'maiwe. Pa dimba louma zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma munda wa mpunga umakhala m'madzi, ndipo madziwo amatsikira kumtsinje kumene anthu amapezako ndiwo.

Apa m'pamene njira ziwirizi zimapatukana. Ombwe ndi wa kudimba, pomwe mlimi amaona nsabwe ndi maso n'kuchitapo kanthu tsiku lomwelo. Kudambo, nzeru ndi kuthandiza mpunga kuti udzimenyere wokha nkhondo: kufunsa alangizi za mbewu zoyesedwa ku Lifuwu, m'boma la Salima, kusapyola muyeso wa feteleza wa urea chifukwa amafewetsa phesi ndi kuchulukitsa tizilombo toyamwa, kubwezera mapesi m'munda kuti silika asathe, ndiponso kusathamangira kupopera pamene akangaude akugwira kale ntchito. Mlimi wa ku Ntcheu amene ali ndi dimba ndi dambo lomwe akufunika njira zonse ziwiri, koma iliyonse pamalo pake.