Amishonale a Mormon pa Khrisimasi

Ana inu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli anyamata obvala malaya oyera, oyenda awiri awiri. Ndiwo amishonale a mpingo wa Mormon. Acoka kwao nakhala pa nchitoyi zaka 2. Sakumwa tiyi, ndipo saloledwa kusambira, cinthu cobvuta ndithu kwa mwana wa ku Nkhotakota.

M'mwezi wa December, pamene ife tiri kubzala mpunga, iwo alawirira kuwerenga Malembo, nayenda m'matope kukacezera mabanja ndi kuwauza za kubadwa kwa Yesu.

Kale anali kuliyembekeza tsikulo ndi mtima wonse, pakuti analoledwa kulankhula ndi makolo ao pa lamya kawiri kokha pa caka, pa Khrisimasi ndi pa Tsiku la Amai. Lamuloli linasintha m'caka ca 2019. Tsopano alankhula nao sabata ndi sabata.