Masitepe a nyumba yosanja: masamu ayambe konkire isanathiridwe

Ku Area 25 ndi Area 49 mumzinda wa Lilongwe, ngakhalenso ku Machinjiri ndi Chileka ku Blantyre, nyumba zosanja zikumera ngati bowa. Mapoloti achepa, mitengo yake yakwera, ndiye amene wapeza kamalo akumangira m'mwamba. Koma mukalowa m'zina mwa nyumbazi mupeza masitepe opanikizidwira pakona, oimirira kwambiri, oti potsika munthu apite chammbali chifukwa phazi silikukwana popondapo.

Gwero lake ndi lodziwika. Mwininyumba amatha masabata akukambirana za kukula kwa pabalaza ndi chipinda chogona, masitepe n'kupatsidwa malo otsala. Chonsecho m'nyumba yonse palibe pamene munthu angavulale msanga kuposa pamenepa.

Masamu ake ndi akalekale. Mu 1675 katswiri wa zomangamanga wa ku France, François Blondel, anafotokoza kuti munthu akamakwera m'mwamba amaponda pafupipafupi kusiyana ndi poyenda pathyathyathya. Njira yake ikugwirabe ntchito lero: tengani msinkhu wa sitepe imodzi, muuwerenge kawiri, muphatikize kukula kwa popondapo, yankho likhale masentimita 60 mpaka 65. Ku South Africa, kumene amisiri athu ambiri akagwirako ntchito, malamulo a SANS 10400 salola sitepe kupitirira masentimita 20 msinkhu, ndipo popondapo pasachepere masentimita 25.

Tiyerekeze kuti kuchoka pansi kufika pamwamba pa silabu pali mamita 3. Mukagawa ndi 17, sitepe iliyonse ikhala masentimita 17.6. Popondapo pakakhala masentimita 28, masamu a Blondel akupereka 63, ndipo masitepe otere agogo angakwere osapuma wefuwefu. Koma taonani malo amene akufunika. Popondapo pali 16, poti sitepe yomaliza ndi silabu yomwe, ndiye kuti mamita pafupifupi 4.5 m'litali. Apa ndi pamene eni nyumba ambiri amadzidzimuka, mmisiri n'kuchotsako masitepe atatu kuti zikwane. Akatero otsalawo amapitirira masentimita 21 iliyonse, ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo atanyamula beseni la zochapa ndi amene adzamve kuwawa kwake tsiku ndi tsiku.

Malo akachepa m'litali, njira yabwino ndi kupinda masitepewo pakati, n'kuikapo popumira. Pamafunika mamita 2 m'lifupi ndi pafupifupi 3.3 m'litali. Popumirapo pamathandizanso kuti woterereka asagubuduke mpaka pansi. Masitepe ozungulira amasangalatsa m'maso, koma ganizani kaye za tsiku lokweza bedi ndi wadiropu, kapena usiku wotsitsa wodwala kupita naye kuchipatala.

Pali china chimene chimaiwalika kwambiri, ndicho bowo la pasilabu. Wokwera amafunika mpata wa mamita 2.1 pamwamba pa popondapo kuti asagunde mutu. Pa chitsanzo chathu chija, silabu ikakhala yokhuthala masentimita 15, masitepe anayi okha oyambirira ndi amene angakhale pansi pake, ndipo bowo liyenera kutalika pafupifupi mamita 3.6. Bowoli limasiyidwa pomanga matabwa ndi zitsulo, konkire isanathiridwe. Ikauma, kulikulitsa ndi kuswa silabu n'kudula zitsulo zimene zanyamula nyumba, ntchito yosayenera kuchitika popanda injiniya. N'chifukwa chake pulani yopita kukhonsolo iyenera kuonetsa miyeso yonseyi, osati kamzere kongolozera kuti apa padzakhala masitepe.

Kenako matailosi. Mmisiri amapima pa konkire yosamata, masitepe onse n'kufanana bwinobwino. Pambuyo pake pansi ndi pamwamba pa silabu pamathiridwa simenti yosalaza ndi matailosi, mwina masentimita 5, pomwe masitepewo angolandira matailosi okha. Sitepe yoyamba imafupika, yomaliza n'kutalika. Miyendo imazolowera msinkhu ikangokwera masitepe awiri kapena atatu, ndipo maso amasiya kuyang'ana pansi, choncho sitepe imodzi yosiyana ndi zinzake ndi imene imapunthwitsa munthu, makamaka magetsi akazima. Malamulo a ku South Africa aja amalola kusiyana kwa mamilimita 6 basi. Mwininyumba asankhiretu matailosi, ndipo mmisiri apime kuchokera pamene pansi padzathere. Posankhapo, onyezimira aja asiyireni pabalaza. Pamasitepe pamafunika okhakhala.

Chogwirira nacho chisadikire kuti ndalama zidzapezeke banja litalowa kale. Chikhale masentimita 90 mpaka mita imodzi kuchoka popondapo, ndipo owotcherera auzidwe kuti mpata pakati pa zitsulo usafike masentimita 10, monga malamulo a ku Britain amanenera, kuti mutu wa mwana usalowepo. Zitsulozo ziime chilili. Zopingasa mwana amaziyesa makwerero, ndipo pamwamba pa silabu ya mamita 3 palibe kholo lingamugwire msanga.