Gitala za m'mafamu zayamba kumveka pa foni

Lamulungu masana, ntchito ya mphesa ikaima, m'kanyumba kena ka malata ku De Doorns mumachitika zinthu zoti mlendo angadabwe nazo. Amapachika mabulangete m'zipupa monse ngakhale kunja kukutentha, firiji amaizimitsa, ana amawapatsa ya maswiti kuti akasewere kutali. Foni amaitsamiritsa ku chigubu cha mafuta ophikira pamwamba pa tebulo. Kenako amalowa munthu ndi gitala yake, nakhala pa chitini cha penti chovundikira, manja akadali ndi zipsera za sizasi yodulira mphesa. Amayamba amufunsa mafunso, iye n'kumayankha, ndipo pakati pa macheza amaimba nyimbo ziwiri kapena zitatu zopeka yekha.

Achinyamata amati imeneyi ndi podcast. Kwa ife amene tidakula ndi wayilesi ya mabatire, ndinene chonchi: ndi pulogalamu ya pa wayilesi yopanda nyumba youlutsira mawu. Amaijambula pa foni, n'kuiika pa intaneti kapena kuitumiza pa WhatsApp, ndipo munthu umamvera nthawi imene wafuna, kaya uli pa lole m'mamawa, kaya ukuchapa madzulo. Amene akuchita zimenezi kuno ndi awiri: mwana wa mlongo wanga, yemwe amayendetsa thirakitala, ndi mtsikana wina amene amagwira ntchito m'shedi yopakira mphesa. Ine adandikokeramo chifukwa ntchito yanga ndi yoyenda m'mafamu kuyambira Worcester mpaka kumtunda kwa chigwa cha Hex River, ndiye ndimadziwa khomo lililonse limene kuseri kwa chitseko kuli gitala.

Chidayambitsa zonsezi ndi maliro. Tidali ndi madala ena a ku Phalombe amene adakhala kuno zaka zambiri, katswiri wodulira mphesa nthawi yachisanu. Gitala yawo idali ndi nsambo zisanu zokha, ina ya waya wa buleki ya njinga, koma akayamba kuimba Loweruka usiku ngakhale anzathu a ku Lesotho ndi ku Zimbabwe amene samva Chichewa ankabwera kudzaima pakhomo. Adali ndi nyimbo ya ulendo wa pa basi kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, yotchula malo aliwonse amene munthu amatulutsa ndalama. Adalinso ndi ina ya mayi amene mwana wake adamutumizira bulangete m'malo mobwera yekha. Atamwalira tidachita sonkhesonkhe yotumizira thupi kumudzi, ndalama zitaperewera gitala ija idagulitsidwa. Usiku wa pa siwa tidafufuza m'mafoni a aliyense kuti mwina timve mawu awo. Tidangopeza kavidiyo kamodzi kosakwana ndi mphindi yomwe, kojambulidwa pa phwando, anthu akukuwa, madalawo akungooneka kukamwa kukuyenda. Nyimbo zonse zija zidapita nawo m'bokosi.

Ndikakumbukira zimenezi ndimaganiza za oimba akale a kwathu. Lero tikutha kumva banjo ya Allan Namoko, munthu wosaona wa ku Thyolo amene adamwalira mu 1995, chifukwa padapezeka wina amene adamuikira maikolofoni patsogolo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adadziwika mpaka ku Ulaya atakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, yemwe adayamba kuwajambula mu 1967. Konkuno ku South Africa, ku yunivesite ya Rhodes mu mzinda wa Makhanda, kuli nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene Hugh Tracey adaiyambitsa mu 1954. Mmenemo muli mawu a agogo athu a ku Nyasaland amene adawajambula m'zaka za m'ma 1950. Nthawi imeneyo pankafunika galimoto yodzaza ndi makina. Lero makina onsewo alowa m'thumba la ovolosi, koma ife tikungojambulira ana akuvina basi.

Majambulidwe ake anawa adaphunzira polakwitsa. Tsiku loyamba adajambulira panja pansi pa mtengo, mawu onse n'kungomveka mphepo ndi mathiraki a pa msewu wa N1. Ulendo wachiwiri kudagwa mvula, denga la malata lidaimba kuposa woimba. Panopa adziwa. Foni amaiika pa airplane mode kuti wina asaimbe nyimbo ili mkati. Amaiika patali pang'ono ndi woimba, ngati kutalika kwa mkono kuyambira chigongono mpaka zala, moyang'ana pakati pa kamwa ndi pamene khosi la gitala lalumikizana ndi mimba yake. Ukailozetsa pa bowo la gitala mawu a munthu amamira. Amayamba ayesa pang'ono, n'kumvera pa mahedifoni, kenako ndiye kuyamba zenizeni. Zodula ndi kulumikiza amachitira pa laputopu yakale ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity.

Chimene ndidawayamikira nacho kwambiri n'choti adaganizira za bandulo. Pulogalamu iliyonse sipitirira mphindi 20, ndipo amaichepetsa kuti ikhale ya 10MB kapena kucheperapo. Motero mayi wa ku Mchinji kapena ku Nsanje atha kuitsitsa osadandaula, n'kupatsira anzake pa Bluetooth. Amaiikanso pa Spotify ndi pa YouTube, koma zoona zake n'zoti anthu athu ambiri amaipeza pa magulu a WhatsApp a mpingo ndi a maliro.

Pa mafunso m'pamene tidakangana. Iwo ankafunsa mwa pa wayilesi, zoti kodi mumafuna kudzafika pati ndi luso lanuli, uthenga wanu ndi wotani kwa okutsatirani. Munthu woti wakhala tsiku lonse atawerama m'mizere ya mphesa ukamufunsa choncho amangoti zonse ndi Mulungu, nkhani yathera pompo. Ndidawauza kuti funso lotere n'chimodzimodzi kufunsa wantchito pamaso pa bwana ngati ali ndi dandaulo. Mufunseni kuti waya woyamba adautenga kuti. Mufunseni amene adamukwapula atamupeza akuimba m'malo mopirikitsa mbalame ku mapira. Mufunseni kuti nyimbo iyi adaipeka ali pati, kunja kukuchita bwanji, adali atadya kapena ayi. Ndipo akakhala chete, musathamangire kuponya funso lina. Zimenezi ndidaziphunzira m'misonkhano ya antchito: mawu enieni amatuluka pambuyo pa kachetechete uja. Mnyamata wina wa ku Ntcheu adakhala duu nthawi yaitali, anawa akuyang'anana, kenako adafotokoza kuti nyimbo yakeyo ndi ya mwana wake amene adabadwa iye ali kuno, ndipo mpaka lero amangomudziwira pa zithunzi. Pulogalamu imeneyo ndi imene yayenda kwambiri kuposa zonse.

Tsono ndinene cholakwa changa, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Padali bambo wina amene adapeka nyimbo yonena za kapitawo wodula anthu maola. Nyimbo yokoma, yoseketsa, ndipo zonse zimene inkanena zidali zoona. Mkati mwake adatchula dzina la famu. Mtsikana uja adafunsa ngati tingachotse dzinalo. Ine ndi mtima wanga wa zomenyera ufulu ndidati ayi, zisiyeni, dziko limve. Sipadathe masiku atatu, nyimbo idafika pa foni ya kapitawo yemweyo. Sadamuchotse ntchito bamboyo, ayi, anthu amenewa ndi ochenjera. Adangodikira kuti sizoni ithe, ndipo itayamba ina dzina lake silidapezeke pa mndandanda wa okwera lole. Mlandu wotere ngakhale upite nawo ku CCMA, umboni woti chifukwa chake ndi nyimbo uutenga kuti? Bamboyo ali ndi ana anayi. Adakhala miyezi iwiri akudalira maganyu a m'tauni asanapeze malo kwina. Sadandinenepo choipa, koma tikakumana ndimayang'ana pansi ndine.

Kuchokera pamenepo dzina la famu, la kapitawo kapena la kontilakita silimveka. Za mapepala safunsa n'komwe, ndipo munthu akazitchula yekha amadula, chifukwa palibe nyimbo yoyenera kuti munthu akaonere Lindela. Amene safuna kuti nkhope yake ioneke amangojambula gitala ndi manja. Amene akufuna dzina lopeka amalipeka. Koposa zonse, woimba amamvera kaye pulogalamu yonse isanatuluke, ndipo akati ichi chotsani amachotsa popanda kumufunsa chifukwa. Akasintha maganizo patsogolo amaichotsa pa Spotify ndi pa YouTube, komabe amamuuziratu poyamba pomwe kuti chimene chalowa pa WhatsApp sichibwezeka.

Nkhani ina ndi ya umwini. Apa abale anga tcherani khutu, chifukwa dziko lino lili ndi chitsanzo chowawa. Mu 1939 Solomon Linda adajambula nyimbo yake ya Mbube ku Johannesburg, n'kupatsidwa tindalama tochepa. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasanduka The Lion Sleeps Tonight, idalowa mpaka mu filimu ya The Lion King. Mwini wake adamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake adadikira mpaka 2006 kuti pakhale mgwirizano wowapatsako kanthu. Lamulo la kuno limati nyimbo ikangojambulidwa kapena kulembedwa, umwini wake ndi wa amene adaipeka, osafunika kulembetsa kwina kulikonse. Umwiniwo sungachoke m'manja mwake pokhapokha atasainira pa pepala. Koma pali msampha: mawu ojambulidwawo, lamulo limawaona ngati a amene adakonza zojambulazo. Ndiye kuti nyimbo ndi ya woimba, koma failo ndi ya anawa. N'chifukwa chake ndidaumirira kuti pakhale kapepala ka tsamba limodzi, m'Chichewa, kowerengedwa mokweza asanayambe, konena kuti woimba wangobwereketsa nyimbo zake ku pulogalamuyi, kuti alandira kope ya failo yake tsiku lomwelo, ndi kuti palibe angaigulitse kwa wina iye osadziwa. Amasaina onse, mboni ilipo. Amene akuona kuti nyimbo zake zayamba kuseweredwa pa wayilesi timamulozera ku SAMRO kuno kapena ku COSOMA kumudzi, mabungwe amene amatolera ndalama za opeka nyimbo.

Pa chifukwa chomwechi salola nyimbo za eni ake. Ambiri amabwera atakonzeka kuimba za Lucius Banda kapena za Alick Macheso, poti n'zimene anthu amapempha pa mowa. Anawa amawauza mwaulemu kuti zimenezo tidazimva kale kwa eni ake, ife tikufuna zanu. Ena amachita manyazi, amati zangazi n'zongocheza. Kawirikawiri zongochezazo n'zimene zimakhala ndi mnofu.

Nanga ndalama? Ndisakunamizeni, palibe amene wasiya sizasi chifukwa cha podcast. YouTube siyamba kugawana nawe ndalama za malonda usanafike olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 a anthu oonera, ndipo anawa akadali kutali. Inde tonse tidaona za agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, amene ataimba ndi Patience Namadingo mu 2020 nyimbo yawo ya Linny Hoo idadzayenda pa TikTok mpaka anthu mamiliyoni. Tidaonanso Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, lero akuyenda m'maiko. Koma amenewa ndi ochepa, ndipo ndimakwiya ndikamva munthu akulonjeza woimba wa pa famu kuti mawa akwera ndege. Phindu limene ndaliona ndi maso anga ndi laling'ono koma logwirika. Awiri mwa amene adajambulidwa akuitanidwa ku zinkhoswe ndi ku mapwando ku Worcester ndi ku Robertson, ndipo amalipidwa ndalama, osati mbale ya nsima ndi botolo ngati kale. Omvera ena amatumiza kangachepe, ndipo zonse zimapita kwa woimba wa sabata imeneyo, anawa amangotapapo ya bandulo. Wina adagula nsambo zatsopano zonse zisanu ndi imodzi koyamba m'moyo wake, n'kumadandaula kuti zikumuterera.

Pomwe pakuvutabe ndi kwa amayi. Mwa onse amene ajambulidwa, amayi ndi awiri okha, chonsecho m'shedi ndi m'mizere amene amayambitsa nyimbo ndi iwowo. Lamulungu masana bambo ali ndi nthawi ya gitala, mayi ali pa beseni la zochapa za sabata yonse. Ena amuna awo amakaniza, ati mawu a mkazi wanga asamayende m'mafoni a anthu. Mtsikana uja wapeza njira yake: amapita yekha kunyumba kwa mayiyo, amathandiza kuchapa, akamaliza amakhala awiriwiri m'chipinda n'kujambula, popanda mwamuna aliyense, ngakhale ine. Mayi wina wa ku Dedza alibe gitala, adaimba akuomba pansi pa ndowa, mwa kaimbidwe ka pamtondo, nyimbo yonena za bokosi la mphesa lopita ku Ulaya limene iye amalipakira koma sadalaweko. Ndidaimvera ndili pa takisi, ndidapitirira siteji yanga.

Lamulungu likubwerali tikupita ku famu ina kufupi ndi phiri, kumene ndamva kuti kuli mlonda wa ku Mangochi woimba banjo ya chigubu. Wakana kale kawiri. Ulendo uno wati tibwere, koma tisafike dzuwa lisanapendeke, ndipo tinyamule mabulangete athu chifukwa iye ali nalo limodzi lokha.