Cholembera Chimene Chimaona Kuwala

M'zaka za m'ma 1980, makompyuta ang'onoang'ono anayamba kulowa m'nyumba za anthu ku Ulaya ndi ku America. Ambiri ankalumikizidwa ku wailesi yakanema. Ena, monga Thomson TO7 ya ku France ya chaka cha 1982, ankagulitsidwa pamodzi ndi cholembera cha kuwala.

Cholemberachi chinalibe inki. Kunsonga kwake kunali kadiso kozindikira kuwala, ndipo waya wake unkapita ku kompyuta. Munthu akaloza nacho pagalasi, kompyuta inkadziwa pamene walozapo. Inkadziwa bwanji?

Wailesi zakanema za nthawi imeneyo sizinkaonetsa chithunzi chonse pakamodzi. Kadontho kowala kankathamanga pagalasi mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ku Ulaya kankatsika chotere ka 50 pa sekondi imodzi, mwaliwiro loti maso sangakatsatire.

Taganizani za munthu amene akubzala chimanga mzere ndi mzere. Mnzake waima pakati pa munda. Wobzalayo akamufika, woimayo afuula. Amene wakhala akuwerenga mizere ndi mapando adziwa malo ake enieni, ngakhale asanamuone.

Wobzalayo ndiye kadontho, wofuulayo ndiye cholembera, wowerengayo ndiye kompyuta. N'chifukwa chake pamalo pakuda cholembera sichinkaona kanthu. Pa magalasi opyapyala a masiku ano sichigwiranso ntchito, poti mulibe kadontho kothamanga.

Mafunso
1. Kunsonga kwa cholembera kunali chiyani?
2. Bwanji sichinkagwira ntchito pamalo pakuda?