Dzira la Nkhuku ndi Dzira la Munthu

Mwa ndagi zimene ana amaponyerana madzulo pamoto muli ija ya nyumba yopanda khomo, ndipo mwana wa kumudzi sachedwa kuyankha kuti ndi dzira. Koma mwana yemweyo akafika ku sekondale namva mphunzitsi akunena kuti mkazi aliyense ali ndi mazira m'thupi mwake, amaona m'maganizo chinthu cha chigoba chonga chija amatola m'chisa. Liu ndi limodzi, zinthu n'ziŵiri, ndipo mphunzitsi wosazilekanitsa amasiya ophunzira ake m'chimbuuzi.

Pa za nkhuku Chicheŵa sichisoŵa mau. Msoti ukakula umayamba kutetera, kenaka umaikira. Mazira akachuluka thadzi limafungatira, ndipo pakatha masiku 21 limaswa anapiye. Dzira lokanika kuswa amati lasukusa. Mau onseŵa adachokera m'maso mwa anthu oŵeta, n'chifukwa chake ndi olunjika. Chimene maso sadaone ndi ulendo wa dzira lisadagwe m'chisa.

Ulendowo umayambira m'thumba la mazira, ndipo mwa nkhuku limagwira ntchito ndi la kumanzere lokha. M'menemo mumakhwima mbali yachikasu ija, imene kwa akatswiri a zamoyo ndilo dzira lenileni. Likachoka m'thumbamo limaloŵa m'njira yaitali momwe limakutidwa ndi mbali yoyera, kenaka timakungu tiŵiri topyapyala, potsiriza chigoba. Zonsezi zimatenga maola pafupifupi 25, ndipo maola okwana 20 mwa ameneŵa amathera pa kuumba chigoba chokha. Tambala alibe gawo pa ntchito imeneyi. Thadzi limaikira ngakhale pakhomo palibe tambala, monga zichitira nkhuku za mazira ogulitsa, koma mazira otero, ngakhale afungatiridwe mwezi wathunthu, saswa. Apa pali phunziro loyamba lofunika kulikhomereza: dzira si mwana. Limasanduka chiyambi cha mwana pokhapokha litakumana ndi mbeu yamphongo.

Tsono dzira la munthu ndi lotani? Lilibe chigoba, ndiponso lilibe nkhokwe ya chakudya yonga ya nkhuku, pakuti mwana amadya kuchokera kwa mai wake ali m'chiberekero. Kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kadontho kosaposa nsonga ya singano. Kuchepaku ndiko kudachititsa kuti libisike kwa nthaŵi yaitali. Sing'anga wa ku England, William Harvey, adalemba m'chaka cha 1651 kuti zamoyo zimachokera ku dzira, koma iye mwini sadalione dzira la nyama yoyamwitsa. Adadzaliona ndi Karl Ernst von Baer m'chaka cha 1827, m'thupi la galu wamkazi. Choncho makolo sangadzudzulidwe posasiya liu lapadera la chinthu chimene sichikadaoneka popanda makina okuzira zinthu. Aphunzitsi ndi azaumoyo adangobwereka liu la m'khola, ndipo adachita bwino. Cholakwika chimadza pamene mau ena a m'kholamo atsatira liulo.

Mkazi saikira, safungatira, ndipo dzira lake siliswa. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira osakhwima oposa miliyoni imodzi m'matumba aŵiri, lina kumanja lina kumanzere. Akatha msinkhu, kaŵirikaŵiri dzira limodzi limakhwima mwezi ndi mwezi n'kuloŵa m'kanjira kopita ku chiberekero, ndipo pa moyo wake wonse amatulutsa mazira pakati pa 400 ndi 500 basi. Dzira lotulukalo limakhala moyo tsiku limodzi kapena kucheperapo, pamene mbeu ya mwamuna imatha kudikira m'thupi la mkazi mpaka masiku 5.

Pali chiphunzitso china chofala chonena kuti msambo ndi dzira losweka. Chimamveka msanga chifukwa aliyense adaonapo dzira la nkhuku litaphwanyika pansi, komatu n'chabodza. Kadontho kochepa chotero sikangatulutse magazi a masiku anai. Chimene chimatuluka ndi kansalu ka m'kati mwa chiberekero, kamene thupi lidayala poyembekeza mimba, ndipo mimbayo ikapanda kubwera limakachotsa. Dzira limakhala litatuluka kale, masiku pafupifupi 14 msambo usadayambe. Mtsikana wophunzitsidwa kuti dzira limasweka pa msambo amaŵerenga masiku ake mozondoka, nayesa kuti pakati pa mwezi palibe choopsa, pamene ndi pomwepo mimba imaloŵa mosavuta. Mtsikana wotere angathe kusiya sukulu chifukwa cha fanizo limene mphunzitsi adaliyesa lothandiza. Ndipo popeza si akazi onse amene mwezi wao uli wa masiku 28, ngakhale kuŵerenga kolondola sikokwanira kukudalira.

Kusokonezeka kwina kumaoneka pa chakudya. M'madera ena mai woyembekezera amaletsedwa kudya mazira poopa kuti adzabala mwana wopanda tsitsi, ngati kuti kusalala kwa chigoba kungaloŵe m'mimba n'kukafika pa mutu wa khanda. Dzira lodyedwa limagayidwa monga nyemba kapena usipa, ndipo silikumana konse ndi chiberekero. Chimene mai amataya posala mazira ndi chakudya chomanga thupi, pa nthaŵi imene akuchifuna koposa.

Mphunzitsi sayenera kuthaŵa liu lakuti dzira, pakuti palibe lina loposa. Angolitsagana ndi mwini wake nthaŵi zonse: dzira la nkhuku, dzira la mkazi, kapena dzira la chambo, limene nsomba yaikazi ya m'nyanja ya Malaŵi imasunga m'kamwa mpaka litaswa. Ndipo pofotokoza za munthu, mau oti kuikira ndi kusweka aŵasiye kukhola, agwiritse oti kukhwima, kutuluka ndi kukumana ndi mbeu.