Mtengo wa m'mphika ndi mkungudza wa pa Mulanje

Tikaima ku Milonde m'boma la Mulanje nthawi ya m'mawa nkhungu isanaphimbe phiri, timaona Mulanje ali chilili monga momwe makolo athu ankamuonera. Koma tikadakwera pamwamba paja, mitima yathu ikadasweka, pakuti pamene panali nkhalango za mkungudza, umene ena amautcha sida, lero patsala zitsa.

Mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri lokhali. Matabwa ake ndi onunkhira, chiswe sichiwadya, ndipo sawola msanga. Mu 1984 Dr. Hastings Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma ubwino wakewo ndi umene unauitanira nkhwangwa ndi macheka, moto wolusa n'kumatsiriza timitengo tongophuka kumene. Akatswiri atayendera phirili mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, ndipo pofika 2018 nayonso inali itagwetsedwa.

Chiyembekezo chinatsalira m'manazale. Kuyambira 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, a kafukufuku wa nkhalango a FRIM ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International anagwirizana ndi midzi yozungulira phirili kufesa njere m'machubu. Mbande zoposa 500,000 zinabzalidwa pa phiri, ngakhale kuti zina zinapsa ndi moto. Taonani abale, mtengo umene unkadzilera wokha pakati pa mitambo lero ukudikira madzi a m'keni ndi dzanja la munthu.

Tsono alipo anthu amene akhala akulera mitengo m'miphika kwa zaka mazanamazana, ndipo ali nazo zotiphunzitsa. Luso lawo linayambira ku China, linakhwimira ku Japan, ndipo limatchedwa bonsai, kutanthauza mtengo wobzalidwa m'mbale. Amatenga mtengo wa m'nkhalango, kuphatikizapo mkungudza wa ku Lebanon ndi wa ku mapiri a Atlas, n'kuulera m'kamphika kosaya. Amadulira mizu ndi nthambi, amapinda nthambi zina ndi waya, mpaka mtengo wokalamba umangofika m'mawondo a munthu. Mkungudza wathu si wa banja limodzi ndi wa ku Lebanon, koma pa nkhani ya m'mphika, mavuto awo ndi ofanana.

Phunziro loyamba ndi lakuti mtengo wa m'mphika sungathe kudzifunira chakudya. Wa m'tchire umatumiza mizu kutali, koma uwu uli ndi dothi lodzaza m'manja basi, ndipo pothirira paliponse chonde chimatuluka pamodzi ndi madzi. N'chifukwa chake mlimi wa bonsai amaudyetsa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, pa nyengo imene ukuphuka masamba atsopano. Nyengo yozizira ikafika, mtengo ukamapuma, iyenso amaleka. Ambiri amakonda manyowa owola bwino amene amasungunuka mosafulumira, ndipo akagwiritsa ntchito feteleza wa m'sitolo amamusungunula m'madzi ambiri.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti chakudya chikachuluka chimapha. Ife alimi a chimanga tikudziwa zimene yureya amachita akakhudza phesi lanthete. Momwemonso feteleza wochuluka m'kamphika amawotcha mizu, masamba n'kufiira kuyambira kunsonga. Choncho iwo sathira feteleza pa dothi louma, sadyetsa mtengo umene ukudwala asanadziwe chimene chaudwalitsa, ndipo mtengo umene angoudula mizu n'kuusamutsira m'dothi latsopano amaupatsa pafupifupi mwezi wathunthu kuti mabala apole. Amaonetsetsanso kuti mphika uli ndi zibowo pansi ndiponso kuti dothi lili ndi mchenga kapena timiyala, popeza mizu ya mkungudza imawola ikakhala m'matope. Sausunga m'nyumba ngati chidole, koma panja pamene pali dzuwa ndi mphepo.

Phunziro lachitatu ndilo lovuta koposa, ndipo ndi kudekha. Mu mzinda wa Washington muli mtengo wa paini wa bonsai umene unayamba kuleredwa mu 1625. Unali ku Hiroshima pamene bomba linagwa mu 1945 ndipo unapulumuka, kenako mwini wake, Masaru Yamaki, anaupereka ngati mphatso ku America mu 1976. Amene anaubzala sanaone ulemerero wake. Agogo anathirira, mwana anathirira, mdzukulu anathirira, aliyense podziwa kuti mtengowo udzaona maliro ake. Zoonadi, akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndi pamene ife tinaphonya. Mkungudza umene unatenga zaka zoposa zana kuti ukule tinkausandutsa matabwa m'masiku owerengeka. Sitikunyoza bambo amene ankasenza thabwa kutsika nalo phiri kuti ana ake adye, pakuti umphawi ndi wowawa. Koma tonse amene tinagula chitseko chonunkhira kapena kabokosi kosema osafunsa kumene kachokera, tinagwira nawo macheka aja.

Malembo Opatulika saiwala mtengo umenewu. Buku loyamba la Mafumu limafotokoza kuti Solomo anaitanitsa mikungudza ya ku Lebanon kwa mfumu Hiramu ya ku Turo pomanga Kachisi, ndipo Salimo 92 imafanizira munthu wolungama ndi mkungudza umene ukukula. Koma nayo nkhalango ya ku Lebanon inadulidwa kwa mibadwo yambiri mpaka lero yangotsala timagulu tochepa m'mapiri. Buku la Genesis limatikumbutsa kuti munthu anaikidwa m'munda kuti aziulima, komanso kuti aziusunga. Ife kulimako tinakumva, koma kusungako tinakutseka makutu.

Nanga tichitenji? Sitikunena kuti tikazule mbande pa phiri n'kuziika m'miphika pakhonde, chifukwa phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo kutero n'kuba. Chubu ndi mphika si kwawo kwa mkungudza wa pa Mulanje. Kwawo ndi kumtunda kuja kumene kuli nkhungu ndi chisanu. Chimene tikufuna kutengera kwa mlimi wa bonsai ndi mtima wake. Amene ali ndi nazale athirire mokwanira ndi kudyetsa mwa muyeso. Osaka mbewa ndi nyama aleke kuyatsa tchire. Ogula matabwa afunse asanatulutse ndalama. Mipingo ndi masukulu a ku Milonde ndi madera ena ozungulira phiri aphunzitse ana kulera mtengo, ngakhale umodzi wokha, pakuti mmera m'poyamba.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo adzabwera kudzafunsa za mtengo wa fuko lathu. Kodi adzukulu athu adzawaonetsa nkhalango, kapena adzawaonetsa kabokosi kakale ka agogo? Ambuye atipatse manja osatopa kuthirira mitengo imene mthunzi wake sitidzaukhala.