Mwezi Umene Unkakana Kutha

Mawu oti "kuthangata" ndimawakonda. Kumudzi amatanthauza kuthandizana: mnzako akadwala mumakamulimira, akamafolera nyumba mumamumwetera udzu. Koma ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, mukatchula thangata pamaso pa agogo, nkhope zimagwa.

Azungu atatenga malo aakulu m'maderawa m'zaka za m'ma 1890, anali ndi nthaka koma analibe manja oilima. Choncho anthu okhala pamalowo, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, anauzidwa kuti lendi azilipira ndi thukuta: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho. Koma wowerenga masiku anali mwini esiteti yemweyo, ndipo mwezi unkatalika mmene iye wafunira, pakuti tsiku lililonse lowonjezera linali phindu lake.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ntchitoyi inkachuluka m'dzinja, nthawi imene munda wa munthuyo ukufunanso khasu. Taganizirani bambo akupalira thonje la bwana, chimanga chake chikumira m'tchire, akudziwa bwino kuti nkhokwe idzakhala yopanda kanthu.

Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ankakwapula antchito n'kuwotcha matchalitchi amene otsatira a John Chilembwe ankamanga. Sukulu sankazifunanso, ndipo ine ndimaona chifukwa chake: wodziwa kuwerenga akanawerenga yekha masiku ake. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anamupha m'nyumba mwake. Komabe thangata sanathere pomwepo. Anthu anapitiriza kumugwira mpaka 1962.